Chitseko cha Mayi a ku Khonsolo

Kumene ankakhala ankamutchula kuti Mayi a ku Khonsolo, ndipo womva dzinalo akanaganiza kuti ndi munthu wokhala pampando wozungulira. Zoona zake n'zakuti mayiyu ankakolopa. Anakolopa nyumba ya khonsolo ya mzindawo zaka khumi ndi zinayi: makhonde a pansi ndi a pamwamba, masitepe, zimbudzi zisanu ndi chimodzi, ndi chipinda chachikulu chimene makhansala amakumanamo. Ankafika mabwana asanadzuke n'komwe, n'kuvala chidiresi chobiriwira cha yunifolomu, n'kuyamba ndi masitepe chifukwa ndi amene amachedwa kuuma. Masiku a msonkhano ankamupatsa epuloni yoyera kuti azipereka tiyi. Ankamudziwa khansala womwa tiyi wopanda shuga, ankamudziwa wobisa mabisiketi m'thumba la jekete, ndi wina wotha kugona mtsutso uli m'kati mutu osagwa. Iwo sankamudziwa. Akafuna supuni ankangokweza chala.

Amuna ake anali mmisiri womanga nyumba, bambo wanthabwala amene ankakonda kunena kuti nyumba zimene wamangira anthu zitasonkhanitsidwa pamodzi zingakwane tauni, koma iye akugonabe ya eni. Anakwatirana ali ana, nabwera mumzinda ndi sutikesi imodzi ndi chikwama cha zipangizo. Ana anabadwa atatu koma anatsala mmodzi, mtsikana, amene tsopano anali m'chaka chomaliza cha sekondale. Moyo sunali wozuna koma unkayenda, mpaka tsiku limene thabwa limene bamboyo anapondapo linathyoka ali pamwamba pa nyumba yosanjikizana, nagwera pamulu wa njerwa. Anakhala m'chipatala miyezi iwiri, ndipo anatuluka miyendo isakumva kanthu. Kuchokera pamenepo ankagona pamatiresi pabalaza, pafupi ndi khomo pomwe pankapita kamphepo. Mkazi wawo ankawatembenuza m'mawa asananyamuke, mwana akaweruka kusukulu ankawatembenuzanso.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, yachitatu pamdadada wa nyumba zinayi zogawana mpopi umodzi ndi bafa la malata. Eni ake anali bambo wina wachikulire, dalaivala wa malole amene anapuma ntchito, ndipo aliyense ankangowatchula kuti alandilodi. Ankakhala m'nyumba yaikulu yakutsogolo ndi akazi awo odwaladwala. Zaka zisanu ndi zinayi banja la mmisiriyo linakhala pamenepo osakangana nawo ngakhale kamodzi. Khonde la alandilodi lenilenilo anawapakira simenti ndi mmisiri yemweyo, ulele.

Chimene anthu a pamdadada sankadziwa n'chakuti okolopa sanali antchito a khonsolo. Ankalembedwa ndi kakampani kena kamene kanapatsidwa ntchito yoyeretsa. Khonsolo ikachedwa kulipira kampaniyo, kampaniyo inkachedwanso kulipira okolopa, ndipo chaka chimenecho inatha miyezi itatu osaona malipiro. Kapitawo wawo ankangoti apirire, zikukonzedwa. Mayiyu anagulitsa wailesi, kenako mipando iwiri, kenako levulo ndi mipeni yomangira ya amuna ake, eni ake akuyang'ana kukhoma. Ndalamazo zinathera pa mankhwala ndi chakudya. Lendi inaima.

Alandilodi poyamba ankabwera mwaulemu, kuima pakhomo chipewa chili m'manja. Mayiyu akafotokoza za malipiro ankagwedeza mutu, koma zinkaoneka kuti sakukhulupirira. Munthu wa ku khonsolo, komwe misonkho ya mzinda wonse imakalowera, angasowe bwanji ya lendi? Akazi awo impso zinali zitayamba kuvuta, ndipo mwana wawo wamkulu, wogulitsa matayala m'tauni, ankawakalipira kuti akusunga anthu ulele amayi ake akufa.

Loweruka lina m'mawa alandilodi anabwera ndi kalipentala. Sanalowe. Anaima patali, maso ali pansi, nanena kuti chitseko achisunga kwawo kufikira ataona kanthu. Kalipentalayo anayamba kumasula mahinjesi, koma sikulu imodzi inali itachita dzimbiri ndipo inakana. Atayamba kuikankha ndi mphamvu, mmisiri uja anayankhula ali pamatiresi pake.

"Achimwene, musakakamize, muthyola felemu. Thirani timafuta pang'ono, mudikire."

Kalipentala anathiradi mafuta, sikulu inamasuka. Chitseko anachinyamula awiri, nakachimangirira ndi tcheni pamzati wa khonde la alandilodi. Mayiyu anakhomera bulangete pakhomo. Bulangetelo silinkafika pansi, ndipo aliyense wopita kumpopi ankaona mapazi a bamboyo. Nkhuku zinkalowa. Ana a anthu ankasuzumira mpaka mtsikana uja anasiya kusinthira zovala m'nyumba, n'kumakavalira yunifolomu kubafa. Fumbi linkawatsokomoletsa bambo ake, ndipo mitambo ya mvula inali itayamba kusonkhana madzulo aliwonse.

Kunyumba ya khonsolo, kumapeto kwa khonde la pansi moyandikana ndi zimbudzi, kunali kachipinda kolembedwa pakhomo kuti Madandaulo a Lendi. Kanatsegulidwa zaka zitatu zapitazo ndi ndalama za bungwe lina lothandiza, kuti eni nyumba ndi alendi akayambana azikhala pansi n'kumvana m'malo mothamangira kukhoti. Munali tebulo limodzi, kabati ya mafayilo yosatsekeka, ndi bambo mmodzi wa imvi amene kale anali kalaliki wa kukhoti. Anthu ankawatchula kuti a Bwerani-Mawa, chifukwa mzere unkakhala wautali moti ambiri ankabwerera ndi mawu omwewo. Mayiyu anali atakolopa pansi pa benchi ya panja pa ofesiyo kwa zaka zitatu, akupempha anthu kuti akweze miyendo. Lolemba lotsatira, nthawi ya nkhomaliro, anavula yunifolomu, navala bulauzi yake, nakakhala pabenchipo nayenso.

A Bwerani-Mawa anamuzindikira. Sanamuuze kuti abwere mawa. Anamvetsera nkhani yonse, nalemba, natumiza kalata kwa alandilodi. Lachinayi alandilodi anabweradi, atavala jekete yawo ya kumaliro ndi kumaukwati, atanyamula envulopu ya mapepala akuchipatala a akazi awo. Mayiyu nayenso anali ndi envulopu ya amuna ake. Maenvulopu awiriwo anakhala patebulo moyang'anana, ndipo bambo wa imviyo anawalola onse kuyankhula mpaka mawu atawathera. Kenako anaitana kapitawo wa okolopa kuti anene yekha pamaso pa alandilodi ngati malipiro akutuluka. Kapitawo anavomera kuti sakutuluka. Alandilodi anavula magalasi awo, nayamba kuwapukuta.

Anagwirizana kuti chitseko chibwerere, ndipo mayiyu malipiro akangotuluka azibweza pang'onopang'ono pamwamba pa lendi ya mwezi. Alandilodi anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti panganolo likhale ndi chidindo cha khonsolo, poti mwana wawo sangamvere mawu apakamwa. Apa a Bwerani-Mawa anakanda m'mutu. Anafotokoza kuti ndalama za bungwe lija zinatha mwezi wathawo, ndipo mkulu wa zachuma analanda chidindo, nalamula kuti ofesiyo isadinde pangano lililonse mpaka makhansala atavomereza kuti khonsolo iziilipira yokha. Msonkhano wake unali patsogolo ndi masabata awiri. Alandilodi anati masabata awiri angathe kudikira.

Masabata awiriwo mvula inagwa katatu. Kachitatuko inabwera ndi mphepo masana, mayi ali kuntchito, mwana ali kusukulu. Anapeza bulangete lili pansi, matiresi atanyowa mbali imodzi, amuna ake atadzikoka ndi zigongono mpaka pakona, khungu litasupuka. Iwo anaseka n'kunena kuti asamba lero osavutitsa munthu. Mayiyu anatuluka panja, nakaima kuseri kwa bafa mpaka misozi itauma.

Tsiku la msonkhano anafika kusanache bwino, napukuta tebulo lalitali la makhansala kawiri. Anali ataganiza usiku wonse za munthu woti amunong'oneze. Anasankha khansala wa kudera la kumsika, bambo wachinyamata wa mawu aakulu amene anzake ankamutcha Chimkuzamawu, chifukwa pamsonkhano uliwonse ankayankhula za amphawi. Anamupeza ali yekha patebulo la tiyi. Anamuuza mwachidule za chitseko, za amuna ake, za pangano losadinda. Anati sakupempha ndalama, akungopempha kuti olemekezeka akweze dzanja ofesiyo isatsekedwe. Khansalayo anamuyang'ana koyamba m'zaka zonsezo, maso ake akuwala. Anamufunsa mafunso angapo, nalemba kuseri kwa pepala, namuuza kuti asadandaule.

Nkhani ya ofesiyo inali yachisanu ndi chiwiri pamndandanda, ndipo inafika anthu atatopa. Wapampando wa komiti ya zachuma ndiye anayamba. Anati mzinda uli ndi magalimoto a zinyalala atatu ndipo awiri ali pamiyala, misewu yakumbika, ngalande zatsekeka, ndiye khonsolo singayambe kulowerera mikangano ya anthu m'makomo mwawo, makhoti alipo. Khansala wina wamkazi, mphunzitsi wopuma, anaimirira ndi kapepala, nawerenga kuti bambo mmodzi ndi tebulo limodzi athetsa milandu yoposa mazana asanu ndi limodzi m'zaka zitatu, pomwe kukhoti mlandu wa lendi umatha zaka ziwiri munthu akugona panja. Anati ndalama zoyendetsera ofesiyo chaka chonse sizikufika n'komwe pa zimene khonsolo inagulira makatani a chipinda chino. Anthu anatembenuka kuyang'ana makataniwo.

Kenako anaimirira khansala wina wonenepa, amene mzinda wonse unkadziwa kuti ali ndi nyumba za lendi zosawerengeka. Anati ofesiyo yangophunzitsa alendi mwano, masiku ano munthu ukamukumbutsa lendi akukuopseza ndi khonsolo, ngati kuti nyumbayo munamanga limodzi. Wina anapereka maganizo akuti mwini nyumba aliyense azilipira kandalama kochepa pachaka kuti ofesiyo iziyenda. Chipinda chonse chinachita phokoso, poti theka la okhala patebulopo anali eni nyumba. Wina anati ayi, wodandaulayo ndiye azilipira potsegula fayilo. Mphunzitsi uja anafunsa kuti munthu amene walephera lendi, ndalama ya fayilo aitenga kuti. Wina kumapeto kwa tebulo anati bwanji achotse tiyi ndi mabisiketi pamisonkhano, ndipo onse anaseka, namupempha mayiyu kuti awonjezere madzi otentha.

Anali pakati pa chipinda, tipoti ili m'manja, pamene Chimkuzamawu anaimirira.

"Wapampando, tisapite kutali. Taonani mayi awo ali ndi tipotiwo. Mukuwaona? Mayi amenewa akugona m'nyumba yopanda chitseko."

Mitu yonse inatembenuka. Khansalayo anafotokoza zonse, nawonjezera zake. Anati mwini nyumbayo ndi chilombo chopanda chisoni, chimene chinakokera munthu wolumala pamvula. Anati khonsolo imeneyi, yomwe ikukana kuthandiza alendi, ndi yomwenso yawamana mayiwa malipiro miyezi itatu, ndipo makhansala akumwa tiyi wa m'manja mwa munthu wanjala. Anatchula dera limene amakhala, anatchula za mdadada, anatchula kuti mwini nyumbayo ndi dalaivala wopuma. Kumbuyo, pampando wa atolankhani, mtsikana wa kuwailesi anali atakweza kachipangizo kake kojambulira mawu.

Mayiyu anafuna kunena kuti sizinali choncho, palibe amene anakokera munthu pamvula. Mpata woyankhula sanaupeze. Tipoti inkamuotcha zala koma sanaone poiika. Wapampando wa msonkhano anamenya tebulo, nati nkhani za malipiro a kampani sizili pamndandanda, ndipo olemekezeka asagwiritse ntchito antchito pochita ndale. Anakangana mphindi makumi awiri za amene wanyoza mnzake. Pamapeto pake wa zachuma uja anapempha kuti nkhaniyo ipite kukomiti, ikaunikidwe bwino, idzabwere pakatha miyezi itatu, ndipo pakadali pano ofesiyo iyambe yatsekedwa poti ilibe ndalama. Manja anakwera khumi ndi anayi. Otsutsa anali asanu ndi anayi. Anaimika msonkhano kuti akadye.

Asanatsuke n'komwe makapu, kapitawo anamuitana. Anati abwana a kampani aimba foni atakwiya, akufunsa kuti wokolopa ndani amene akukaulula za malipiro kwa makhansala. Kapitawoyo anati wamupepesera kuti asachotsedwe, koma epuloni abweze, ndipo kuyambira mawa azikakolopa zimbudzi za kudepoti ya mabasi.

Madzulo omwewo nkhaniyo inamveka pawailesi, mawu a Chimkuzamawu ali gwaa. Pamdadada panalibe amene anafunsa kuti akunena ndani. M'mawa mwake alandilodi anabwera okha, naima pomwe panali chitseko paja. Sanakalipe. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene sanagone.

"Mayi, ine ndinavala jekete kubwera ku ofesi kwanu. Ndinavomera zonse. Lero ndine chilombo?"

Mayiyu anayesa kufotokoza kuti mawuwo sanali ake, kuti iye anangopempha dzanja limodzi. Alandilodi anati mwina n'zoona. Anati dzulo lomwelo kuchipatala, m'chipinda chimene agonekedwa akazi awo, wailesi inali yotsegula, ndipo mayi wodwalayo anamva yekha. Mwana wawo atamva anapita kwa munthu wina amene wakhala akufuna nyumbayo, nalandira lendi ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndalamazo zalowa kale kuchipatala. Zakale zija asazidandaule, azikhululuka. Koma pofika pa mapeto a mwezi nyumba ikhale yopanda munthu.

Mmisiri uja anafunsa ali pansi kuti amayi akupeza bwanji kuchipatalako. Alandilodi anayankha kuti sizili bwino, natembenuka n'kumapita.

Masiku khumi ndi awiri amene anatsala mayiyu anayenda ngati wozungulira mutu. Anadikira Chimkuzamawu pageti la khonsolo masiku awiri. Atamupeza, khansalayo anatsitsa galasi la galimoto, namuuza mosangalala kuti nkhani yake yagwedeza mzinda wonse ndipo anthu akuimba mafoni. Anamupatsa nambala yake ndi kandalama ka minibasi. Nambalayo inkangoitana. Anapita kwa a Bwerani-Mawa, nawapeza akumanga mafayilo ndi chingwe. Anamupatsa pangano lija, losadinda, namuuza kuti kukhoti angathe kupita, koma tsiku loyamba lomvera mlandu lingadzafike iye atasamuka kalekale. Anawonjezera motsitsa mawu kuti nawonso amakhala ya lendi, ndipo sakudziwa kuti mwezi wamawa anena chiyani kwa eni ake. Akaweruka kudepoti, fungo la mankhwala a m'zimbudzi lili m'manja, ankazungulira m'makwalala kufunsa nyumba. Kulikonse ankafuna miyezi itatu yoyambirira. Kwina atamva kuti pali wodwala wosayenda anati nyumbayo yatengedwa kale.

Analembera uthenga alamu ake, akulu awo a amuna ake, amene ankakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Anali asanayankhulane bwino kuyambira ngozi ija, chifukwa alamuwo ankati mkaziyu ndiye anakakamira m'tauni. Anayankha ndi mawu ochepa, kuti abwera kudzatenga m'bale wawo, koma malo a anthu atatu alibe.

Anabweradi tsiku lomaliza la mwezi ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo kamene anabwereka. Amuna anayi a pamdadada ananyamula mmisiriyo ndi matiresi ake omwe, aliyense kona yake. Akuwakweza, bamboyo anawauza kuti aweramitse mbali ya kumutu, asanyamule ngati thumba la simenti, ndipo anthu anaseka pang'ono poti iye ankafuna kuti aseke. Mkazi wawo anawafunditsa, nawaikira botolo la madzi ndi mankhwala pafupi ndi dzanja, nawauza alamu ake nthawi zowatembenuzira, kubwereza katatu mpaka alamuwo ananena kuti amva. Mtsikana uja anagwira m'mphepete mwa galimoto osafuna kusiya. Bambo ake anamuuza kuti akalembe mayeso bwino, nkhani zina azisiyire akuluakulu. Kenako anayang'ana mkazi wawo.

"Inu mukagona kuti?"

"Malo ndapeza, bambo. Musadandaule."

Sanali atapeza. Mwanayo anamutenga mphunzitsi wake wina wachifundo, kuti akhale naye mpaka mayeso atatha, azithandiza ntchito zapakhomo. Katundu amene anatsala, bedi, mapoto ndi sutikesi, anamusungira mayi wa nyumba yoyamba pamdadada, kuseri kwa kabati. Iye mwini anapita ndi kachikwama kwa mnzake wokolopa naye, amene ankakhala chipinda chimodzi ndi ana anayi, amuna ake ali kutali kokonza msewu. Ankagona pamphasa pakati pa ana awiri aang'ono, ndipo ankadzuka woyamba kuti asapezeke panjira.

Malipiro anatuluka patatha masabata atatu, a mwezi umodzi wokha. Theka anatumiza kwa alamu ake la mankhwala, lina anapereka kwa mphunzitsi wosunga mwana uja. Lamlungu lililonse ankabwereka foni n'kuimbira amuna ake. Mawu awo anali atachepa. Ankati ali bwino, koma akazi awo a alamu ake anamunong'oneza kuti pamsana patuluka chilonda, ndipo chipatala chili kutali. Akazi awo a alandilodi anamwalira mwezi womwewo. Mayiyu anapita kumaliro, nakhala kumbuyo kwenikweni, nachoka anthu asanabalalike.

Lachisanu lina akutsuka mbale panja, mnzake uja anakhala pambali pake, nayamba kumuthandiza kutsukuluza, chinthu chimene sankachita. Anayankhula za mvula, za ana, za kapitawo. Kenako, maso ali m'beseni, ananena kuti ntchito ya msewu ija yatha, ndipo bambo a ana akubwera Lachitatu. Mayiyu anati wamva, ndipo anathokoza chifukwa cha masiku onsewo. Anamaliza mbale, nazisanja pathandala, napukuta manja. Mayeso a mwana anali atatsala masabata asanu.